Khobwe wa M'phulusa

Tamanda anatsika minibasi pa Mua ndi chikwama chimodzi. Sanabwere kudzakhala. Bambo ake, a Ezekiele, anali atangotuluka m'chipatala. Khasu linawatema pakakolo, bala linatukusira, madokotala anachita kulipala. Tsopano ankaswera pakhonde, mwendo uli pampando, akuingitsa ntchentche ndi nthambi ya nimu.

Mayi ake, a Namaliya, anamwalira mu Ogasiti. Uno unali Novembala. Miyezi itatu nyumba ili m'manja mwa mwamuna, ndipo zinkaoneka.

Ntchito ya Tamanda inali kuyeretsa. Zaka zisanu ndi zinayi akukolopa zipinda za alendo pa loji ina ku Lilongwe. Kumeneko kunali mabotolo: la pagalasi, la pansi, la m'chimbudzi, lililonse ndi fungo lake. Kuno anapeza kachidutswa ka sopo pamwala, kowonda ngati lilime la mphaka. Sanadandaule. Anakulira kwa azakhali ake ku Kawale kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nyumba imene sopo ankamutsekera m'kabati. Zakumunda sanaziphunzire. Koma kuyeretsa wopanda kanthu m'manja, ameneyo anali katswiri.

Anayamba tsiku lomwelo. Ndowa yonunkha nsomba anaipaka mandimu odula pakati, oviika mumchere. Mphasa za nsikidzi anazithira madzi owira ophikira masamba a nimu, n'kuzigoneka padzuwa mpaka zinachita kulira. Makapu a tiyi anawakwecha ndi soda. Bala la bambo ankalitsuka ndi madzi ofunda amchere monga ananenera anamwino, m'mawa ndi madzulo. Chifuwa chawo chouma anachipatsa madzi a mandimu, jinja wosinja ndi kauchi pang'ono.

"Ukatha nyumbayi ukwechanso ine?" anafunsa a Ezekiele.

"Mukapanda kusamba, eya."

"Amako sankandiopseza chonchi."

"N'chifukwa chake makutu ali choncho."

Chimene chinkasowa ndi phulusa. Mapoto anali bii, ndipo poto wakuda amamva phulusa ndi mchenga basi. Koma la pamafuwa linali lochepa, lodzaza timabulu ta mapepala a pulasitiki amene bambo ankayatsira moto. Tsiku lachiwiri, akusesa m'khitchini kuseri kwa mtondo, anapeza nkhali. Inali yovundikira ndi mbale yachitsulo, m'mbali momata ndi dothi. Anagogoda dothilo ndi mpeni. Mbale inatseguka. M'katimo munali phulusa loyera, losefa, losalala ngati ufa woyera.

Anamwetulira yekha. Kani amayi nawonso anali aukhondo chotere, mpaka kusefa phulusa n'kulisunga. Anatapa dzanja limodzi.

Kwa masiku asanu ndi atatu ankatapa pamwambapo. Mapoto anayera mbee. Ketulo inayamba kuonetsa nkhope. Amayi odutsa kupita kumjigo ankaima n'kumayang'ana pathandala.

Lachitatu kunabwera uthenga woti mawa lake a mphakati wa kutchalitchi adzafika kudzapempherera wodwala. Anthu khumi ndi asanu, mwina kuposa. Tamanda anayang'ana bwalo, linali bwino. Anayang'ana chimbudzi. Dzuwa la Novembala linali litachiphika. Ntchentche zobiriwira zinkatuluka pabowo ngati zatumidwa. Mankhwala ake ankawadziwa: phulusa, lambiri, nthawi imodzi.

Ananyamula nkhali ija. Inalemera kuposa mmene ankaganizira, koma sanaganize kawiri. Anaigwira pakhosi ndi pansi, n'kuizondotsa pabowo. Phulusa linayamba, fumbi kuti kobo. Kenako kunamveka phokoso lina, waaa, ngati mchenga wogwera pamalata. Makutu anamva, manja anachedwa. Pomwe ankaitembenuza, nkhali inali itapepuka. Anaisuzumira. Mbee.

Anayatsa tochi ya pafoni n'kuunika m'dzenjemo. Pansi patali, pamwamba pa phulusa, panali timaso tambirimbiri tamawangamawanga. Khobwe.

Anaima pamenepo kanthawi, ntchentche zikumuzungulira. Ndiye anabweza nkhali kuseri kwa mtondo, n'kuivundikira ndi mbale yake.

A mphakati anabwera, anapemphera, anayamikira ukhondo. Atapita, a Ezekiele anatsala akuyang'ana kumapiri a Dedza, kumene mitambo inali itayamba kuunjikana.

"Masabata awiri satha mvula isanagwe," anatero. "Iwe Tamanda, m'kusesa kwakoko usasunthe nkhali ya amako. Ili kuseri kwa mtondo."

"Muli chiyani?"

"Mbewu. Khobwe wawo. Anamata okha mu Juni, ali kale ndi chifuwa chija."

Tamanda anapitiriza kupukuta kapu imene inali youma kale.

"Si uja wa m'masitolo," anapitiriza bambowo. "Uja amaima njo ngati msilikali, miyezi iwiri wabereka, wauma, zatha. Wa amako amayanga. Amakwera chimanga, amatsika, amalowa m'munda mwa eni ake. Chitambe chake umathyola mpaka Juni, chofewa, chosawawa. Anachokera nacho kwa mayi awo. Mfutso wonse wa m'nyumba muno ndi umenewo."

Analoza kudenga la khonde. Panali zikwatu ziwiri zamasamba ouma, zomanga ndi luzi, zakuda ndi utsi.

"Zinali zisanu ndi chimodzi. Ndimatapa pang'onopang'ono. Zikatha izi, wina achokera m'nkhalimo. Ndi dzanja la amako limene latsala pakhomo pano."

"Ndamva, ababa."

Lachisanu m'mawa anati akukagula mchere. Anakwera minibasi mpaka pa Mtakataka. Mumsika anapeza mayi wina atayala nyemba, nzama ndi khobwe pachiguduli.

"Muli ndi wamawanga?"

"Khobwe ndi khobwe, asisi. M'mimba mulibe maso."

"Ndikufuna wobzala."

"Uyu amamera ngakhale pasimenti. Mbale zingati?"

Anali woyera, wamng'ono, wofanana yense ngati wochokera m'makina. Tamanda anagula mbale zinayi. Kunyumba anatentha zitsononkho kuseri kwa khitchini, anadikira phulusa lizizire, analisefa kawiri. Anasakaniza, anathira m'nkhali, anavundikira, anamata ndi dothi la pachulu, n'kusalaza ndi chala chonyowa. Inali ntchito yooneka bwino. Ankadziuza kuti akamadzabzala adzabzala yekha, bambo ali pakhonde. Zikadzamera iye adzakhala ali ku Lilongwe. Maganizo amenewo sanamukomere, koma anawasunga.

Lamulungu masana kunagwa chizimalupsa. Timadontho tochepa, tongonunkhiritsa fumbi. A Ezekiele anafwenkha mphuno.

"Bweretsa nkhali ija ndi lichero. Tione ngati anankafumbwe sanatichenjerere."

"Si mwati isasunthidwe?"

"Ndati usasunthe iwe. Pano ndikusuntha ndine."

Anaibweretsa. Bambowo anaiika pakati pa miyendo. Asanatsegule anayendetsa chala pa dothi lomatira. Anakanda ndi chikhadabo. Anatsegula, anatapa phulusa la pamwamba, analowetsa mkono mpaka m'chigongono, n'kutulutsa dzanja lodzaza. Anauzira. Khobwe woyera anatsala pachikhatho.

Anamuyang'ana khobweyo nthawi yaitali.

"Amako ankamata ndi dothi la kudambo, lakuda," anatero. "Wathu uja ali kuti?"

Tamanda anali atakonza mabodza awiri. Onse anathawa.

"M'chimbudzi."

"M'chiyani?"

"Ndimayesa ndi phulusa lotsukira. Kunkabwera a mphakati. Ndinakhuthula lonse."

A Ezekiele anaseka kamodzi kokha, kuseka kouma ngati kutsokomola.

"Safunsa anadya phula. Ine ndili pakhonde pompano, mwendo uli m'mwamba, pakamwa pali bwinobwino. Kufunsa kokha."

"Pepani, ababa."

"Kutaya ndi ngozi. Koma uku," anagwedeza khobwe wa pachikhatho, "uku ndi kundiyesa mwana." Anamubwezera m'nkhali, anapukuta dzanja pathalauza. "Zikomo, amayi a ku Lilongwe. Mwatiyeretsera pakhomo. Tengani nkhali yanu."

Chibadwire bambo ake anali asanamutchulepo kuti inu. Madzulo anakana chakudya. Bala analola kutsukidwa, koma nkhope ili kumbali.

M'mawa Tamanda anawapatsa madzi a mandimu, n'kukhala pansi pafupi ndi mpando.

"Amayi sanapatseko munthu wina?"

Anamwa kaye, pang'onopang'ono.

"Anapatsa atatu. A Salome a ku Golomoti anamwalira, ana awo amalima thonje. Akazi a Macdonald anadya mbewu chaka cha njala." Anaima.

"Wachitatu?"

"A Rahema. Kunyanja, kupitirira Mtakataka. Amuna awo anali asodzi. Ankabwera kuno ndi usipa, n'kubwerera ndi khobwe ndi mfutso. Zaka makumi atatu. Ndi amako anali ponda apa nane ndipondepo."

"Ndiye ndipita."

"Mupita ndi nkhope yanji? Pamaliro sitinawatumire uthenga. Ndinaiwala ine. Ndinakumbukira titabwera kale kumanda. Kuyambira pamenepo sanapondepo pano, ndipo ine sindingawanene."

"Nkhope ndi yanga. Ndipita."

"Pitani," anatero a Ezekiele. "Mumakonda kuyenda."

Pa Mtakataka anakwera kabaza wa bambo wina wa ndevu zaimvi, dzina lake Oscar, amene anati kwa a Rahema amakudziwa. Njira inadutsa njanji, n'kulowa m'minda ya mpunga youma, yong'ambika. Milambe. Migwalangwa. Kenako mchenga, ndipo njinga inakana.

"Apa timatsika tonse," anatero Oscar. "Njinga nayo ndi munthu."

Anayenda wapansi, iye akukankha. Nsapato za Tamanda zinadzaza mchenga wotentha.

"Kwa a Rahema mukukagula nsomba? Masiku ano kulibe. Atseka nyanja."

"Ndikukapempha mbewu."

"Mbewu kunyanja? Anthu a m'tauni inu. Mawa mudzakapempha usipa ku Dedza."

Anafika dzuwa lili paliwombo. Nyumba inali ya njerwa zosawotcha, mpanda wa bango. Nyanja inkangooneka kamzere koyera kuseri kwa mabango, kothobwa m'maso. Pansi pa mtengo wa mango panali mayi wamkulu, wamfupi, mpango kumutu, akulenga mango aawisi m'tizidutswa n'kumayala pamphasa kuti aume. Sanadzuke. Anayang'ana Tamanda kuyambira kumapazi.

"Mphumi imeneyo ndaidziwa," anatero. "Ndiwe wa Namaliya. Uja anamutenga azakhali ake."

"Ndine, amayi. Tamanda."

"Khala. Wabwera kudzandiuza kuti mnzanga wamwalira?"

Tamanda anakhala pamphepete pa mphasa.

"Ndinamva m'minibasi," anatero a Rahema, mpeni ukuyendabe. "Patatha mwezi. Ndili ndi kadengu ka usipa pamiyendo, ndikupita kwa iyeyo. Mayi wina akuuza mnzake, ngati nkhani ya mtengo wa feteleza. Ndinatsikira panjira. Usipa ndinapatsa kondakitala."

"Ababa akuti analakwa. Anaiwala."

"Akuti. Pakamwa pawo anasiya kuti?"

"Ali ndi bala pamwendo. Sakuyenda."

"Mu Seputembala analinso ndi bala?"

Nkhuku inayandikira mango, a Rahema anaiponyera khokho.

"Nena chimene wabwerera. Mwana wa m'tauni sayenda mumchenga uno chifukwa cha moni."

Tamanda anafotokoza kuti mbewu ya amayi yatayika, mvula yayandikira, ndipo khobweyo kwina kulikonse kulibe. Polankhula anatsegula kachikwama, n'kutulutsa ndalama zopinda. Anaziika pamphasa ndi manja awiri, mwaulemu.

Mpeni unaima.

"Ichi n'chiyani?"

"Ya mbewuyo, amayi."

"Bweza. Bweza msanga ndisanakuthamangitse. Pano wapaona ngati pamsika? Amako anandipatsa khobwe ameneyu chaka chimene madzi anakokolola munda wanga, m'kachitenje, osawerenga. Ndiye ine lero ndigulitse kwa mwana wake? Iwe anakulera ndani?"

"Azakhali."

"Zikuoneka."

Tamanda anabweza ndalamazo. A Rahema anadzuka mogwira bondo, analowa m'nyumba. Anatuluka ndi chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, sefa ndi malichero awiri.

"Vuto ndi ili. Chaka chino ndinadwala nthawi yokolola. Anakolola ndi mpongozi wanga. Kwa iye khobwe ndi khobwe. Anaphatikiza mitundu yonse m'thumba limodzi." Anatsegula chigubu, anakhuthulira musefa. Phulusa linagwa, fumbi linakwera. Tamanda anayetsemula kanayi motsatizana, misozi ili chuchuchu.

"Tsabola," anatero a Rahema. "Amako ankathira phulusa lokha. Ine ndimawonjezera tsabola wosinja. Anankafumbwe akuno ndi ouma mitu ngati asodzi."

Palichero panatsala mulu wosakanikirana: woyera, wofiira, wakuda, wamawanga amitundumitundu.

"Wa amako ali momwemo. Ngati ukumudziwa, tola."

Tamanda anayang'ana muluwo. Anatola kamodzi kamawanga, anakabweza. Anatola kena.

"Ndinamuona kamodzi kokha," anatero.

"Kuti?"

"M'dzenje la chimbudzi. Ndi tochi."

"Unkafunamo chiyani m'dzenje la chimbudzi?"

Anafotokoza zonse. Mapoto oyera, a mphakati, ntchentche, phokoso lija. Khobwe wa pamsika ndi dothi la pachulu sanabise. A Rahema anayamba ndi kugwedeza mapewa. Kenako anaseka mpaka anagwira pansi, mpaka kutsokomola, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda.

"Wallahi, Namaliya akanamva! Munthu ankawerenga khobwe wake ngati ana. Ndiye wabzala m'chimbudzi! Ameneyo adzabereka, manyowa ake si masewera." Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Koma mapoto anayera?"

"Anayera."

"Basi, sunataye zonse."

Anafufuza mumulu ndi chala chimodzi, n'kutulutsa kambewu. Anakaika pachikhatho cha Tamanda.

"Yang'anitsitsa. Wamkulu kuposa anzake. Khungu lofiirira ngati mphika wopsa bwino, mawanga akuda, osati abulauni. Diso loyera, lozungulidwa ndi mzere wakuda ngati wapaka wanja wa m'maso. Akasowa chimodzi mwa zimenezi, si iyeyo. Woboola usatenge. Wokwinyika usatenge."

Anayamba kutola. Inali ntchito yochedwa. Mwa makumi awiri, mmodzi. Nthawi zina Tamanda ankaponya m'kapu, a Rahema n'kutulutsamo. Thukuta linkatsikira m'maso, ndipo akapukuta ndi dzanja, tsabola ankamuluma. Oscar anali atagona pansi pa mlambe kunja kwa mpanda, chipewa kumaso.

"Mmene unathira m'nkhali muja, unayeza bwanji?" anafunsa a Rahema.

"Ndinangosakaniza."

"Mbale ya khobwe, mbale ya phulusa. Lozizira, la dzulo. Lotentha limapha mbewu. Ugwedeze kuti lilowe m'mipata monse, kachilombo kasowe popumira. Pamwamba phulusa lokhalokha, zala zinayi. Ndi limene unkatsukira mapoto lija. Ndipo usanatseke uziluma kamodzi. Akalira kuti gwa, wauma. Akangophwanyika chete, mubwezere padzuwa."

"Ine sindilima, amayi."

"Sindinakufunse."

Patapita nthawi a Rahema anadzuka kukaswali, poti anali Msilamu. Tamanda anatsala yekha ndi malichero. Maso anazolowera. Anayamba kumuona khobweyo asanamufune, ngati nkhope ya m'bale pagulu la anthu. Pobwera a Rahema anasuzumira m'kapu, anatulutsamo awiri okha.

Anakhalanso pansi. Anapitiriza kutola.

"Amako anavutika?" anafunsa a Rahema mwadzidzidzi.

"Sabata imodzi. Ine ndinafika atasiya kale kulankhula."

"Mfutso wake ulipo?"

"Zikwatu ziwiri."

"Ankafutsa mosiyana ndi ife. Madzi awire kaye, masamba alowe, atembenuze kamodzi, atuluke akadali obiriwira. Ife timaphika mpaka afe. Ndinkamunena kuti ndi ulesi wosafuna kutola nkhuni." Anaponya kambewu m'kapu. "Wake ndiye unkakoma."

Pomwe mthunzi wa mango unkafika pampanda, mulu unali utatha. Kapu ya pulasitiki inadzaza kufika pakhosi, osapitirira. A Rahema anakhuthulira palichero, anadula muluwo pakati ndi m'mphepete mwa dzanja.

"Theka langa. Nanenso ndili ndi munda."

Theka linalo anamanga pakansalu, mfundo ziwiri. Linali losakwana dzanja la munthu wamkulu. Tamanda analandira ndi manja awiri, anatsegula pakamwa.

"Usathokoze," anatero a Rahema msanga. "Kwa ine mbewu ili ngati mankhwala, sathokoza. Ikabereka udzabweze kapu, ndi chikwatu chimodzi. Ndipo ukawauze a Ezekiele kuti tsiku loika chiliza ndimve kuchokera kwa iwo. Osati m'minibasi."

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, miyendo ili mbuu. Bambo ake anali pomwe anawasiya. Anaika kansalu pamiyendo pawo.

Bambowo anamasula mfundo. Anayala mbewuzo pambale, n'kuyamba kuzisuntha imodziimodzi ndi chala. Zisanu anazikankhira pambali. Zotsalazo anazisonkhanitsa pakati, anaziphimba ndi chikhatho.

"Anakupatsa okha?"

"Okha. Theka anatsala nalo."

"Anati chiyani za ine?"

Tamanda ananena zonse, za minibasi, za usipa, za chiliza. A Ezekiele anamvetsera akuyang'ana pansi.

"Akunena zoona," anatero. "Mwendo ukapola ndipita ndekha." Anadzutsa mutu. "Wadya iwe?"

"Ayi."

"Phika khobwe wako wa pamsika uja. Mbale zinayi sitingataye."

Mvula yeniyeni inagwa Lachisanu, kuyambira masana mpaka mitsinje inamveka. Loweruka m'mawa Tamanda ananyamula mpando kupita nawo kumunda wa kuseri kwa nyumba, n'kubwerera kudzatenga bambo ake. Anayenda atamukolowekera mkono paphewa, ndodo kudzanja linalo. Chimanga anabzala anthu aganyu. Khobwe a Ezekiele anakana kuti amugwire munthu wina.

"Pakati pa mapando a chimanga. Osati pamwamba pa mzere, m'mbali. Awiriawiri."

"Ena amati atatu."

"Ena ali ndi nkhali yodzaza. Awiri. Usakwirire kwambiri, si maliro. Chala chimodzi basi. Iwe, ndati chala, osati mkono!"

Dothi linkamatirira kumapazi. Msana unayamba kuwawa pamzere wachiwiri. Mbewu zinathera pakati pa mzere wachisanu. Anakutumula kansalu, munalibe kanthu.

"Ndi zomwezo?" anafunsa bambowo.

"Ndi zomwezo."

"Amako ankabzala munda wonse." Anayang'ana mizere inayi ndi theka ija. "Chaka chino sitidya nyemba zake. Masamba tithyola pang'ono. Zonse ndi za mbewu."

Masiku awiri otsatira kunachita dzuwa loopsa. Pamwamba pa mizere panauma, panachita chikhokho. Tamanda ankapita m'mawa, masana, madzulo, osaona kanthu. Tsiku lachitatu anafuna kufukula phando limodzi kuti aone. Bambo ake anamukalipira kuchokera pakhonde. Tsiku lachinayi kunawaza pang'ono.

Mawa lake m'mawa anapeza dothi litang'ambika m'malo m'malo, timitu topindika tikusuzumira. Anayenda mzere ndi mzere. Mapando ambiri anali atamera. Asanu ndi awiri anali zii.

Anakawatenga bambo ake. Pamzere woyamba anamusiya phewa, anatsamira ndodo, anawerama mpaka bondo labwinolo linagunda pansi. Anapukuta dothi pa kambewu kamodzi ndi chala, anakayang'ana m'munsi.

"Tsinde lofiirira," anatero. "Ndi yemweyu."

Anakhala chogwada kanthawi. Kenako anatambasula mkono kuti awadzutse, n'kuloza ndi ndodo kumalire a munda, kumene mpanda wa nkhadze unali ndi mpata.

"Mbuzi za kwa Andrew zimalowera apo. Tenga chikwanje, ukadule minga."